Chipalapasiro pa Mbale ya Azakhali

Mpaka lero nkhani ya zipalapasiro ikandibwerera m'mutu, mtima umachita kuwira. Anthu amati ndiiwale, akuti chibale ndi fupa sichiola. Chabwino, sichiola. Koma amene amanena zimenezi sanagonepo pa sofa ya azakhali anga.

Ndinabwera ku Canada ndili namwino wathunthu. Kwathu ndinali nditagwira ntchito m'chipatala zaka zingapo, ndabereketsa azimayi osawerengeka, ndasoka mabala a anthu ogwa pa kabaza. Kufika kuno anandiuza kuti ndisanakhudze wodwala aliyense ndiyambe ndalemba mayeso a Chingerezi. Ine! Chingerezi chomwe ndinayamba kuchiimba ndili sitandade wani. Kulemba ndi kuwerenga ndinakhoza bwinobwino, koma mayeso olankhula ndinafeila. Akuti ndimathamanga, akuti mawu ena sakumveka. Ndiye ndinapezeka ndili m'kalasi ya Chingerezi ku North York, mzimayi wamkulu ndithu, ndikubwereza mawu pambuyo pa mphunzitsi ngati mwana wa kumkaka.

Ndinkakhala kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, ku Scarborough, m'nyumba zosanjikizana zija. Amuna awo ankayendetsa thiraki ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Azakhaliwo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ana anali atatu, wamng'ono akadali wa matewera. Tsiku londiperekeza kubwalo la ndege bambo anandiuza kuti, "Kumeneko bambo ako ndi mayi ako ndi azakhali akowo. Uziwamvera." Ndinawamvera ndithu. Ndinkagona pa sofa pabalaza, ndinkasambitsa ana, kuphika, kuperekeza awiri kusukulu, kubereka wachitatu. Anawo ndikawakalipira m'Chichewa ankangoseka n'kundiyankha m'Chingerezi chothamanga kuposa changa, koma iwo palibe amene anawafeiletsa.

Ntchito sindinkaikana ayi, sindine waulesi. Chomwe chinkandipweteka n'chakuti kalasi yanga sinkawerengedwa. Ndavala kale jekete, chikwama chili paphewa, azakhali n'kutulukira m'chipinda foni ili m'manja. "Andiitana, pali shifiti ina. Lero usapite, Chingerezi sichithawa." Ndikatsegula buku pabalaza, wailesi ya kanema ikulira, mwana akukoka tsamba. Mayeso ena anali kubwera, ndipo ndinkadziwa kuti ndikapitiriza kukhala pamenepo ndifeilanso. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, chipinda chokhala ndi chitseko.

M'kalasi ndinkakhala pafupi ndi mayi wina wa ku China, wa msinkhu wanga, amene kwawo anali mphunzitsi wa masamu. Tinkayeserera limodzi kulankhula, iye akulimbana ndi lilime lake, ine ndi langa. Tsiku lina pa nthawi yopuma anatsegula kabokosi kake ka chakudya n'kundipatsa dzira. Abale, dziralo linali lofiirira, la mizeremizere ngati lagwa m'matope. Mumtima ndinati, ili n'losukusa ili. Koma kwathu munthu akakupatsa chakudya sukana, ndiye ndinaluma ndatseka mphuno. Linali lokoma zedi. Anati amaliphika mu tiyi ndi zokometsera zawo. M'mawa mwake ndinamutengera mandasi. Chinzake chinayambira pamenepo.

Iyeyo ndi amene anaona kuti ndikujomba kawirikawiri. Nditamufotokozera, patapita masiku anabwera ndi nkhani. Ankakhala ku Markham ndi makolo ake, ndipo pansi pa nyumba yawo panali chipinda chopanda munthu, chija amati besimenti. Bambo ake ankadwala shuga, ndiye mayi ake anakondwa kumva kuti m'nyumba mungakhale namwino woti aziwaponyako diso. Lendi inali yoti ndikanaikwanitsa ndi kaganyu kanga ka Loweruka. Ndinapita kukachiona. Kachipinda kochepa, bedi, tebulo, kawindo kakang'ono kumwamba komwe unkangoona mapazi a anthu odutsa. Ndinatseka chitseko, ndinatsegula, ndinatsekanso. Mnzangayo ankangondiseka.

Panali chinthu chimodzi chokha. "Amayi akuti sangatenge mwana wa eni asanaone wamkulu wa kwanu," anatero mnzanga. "Akufuna tidye limodzi, akuluakulu aonane."

Zimenezi zinandisangalatsa. Ndinati, eee, anthuwa ndi anzathu ndithu, amadziwa mwambo. Ndinakawauza azakhali ndikuyembekezera mkuntho. Koma iwo anangondiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Palibe vuto. Tipita Lamlungu tikaweruka kutchalitchi." Ine kupusa kwanga ndinagwada n'kuthokoza.

Lamlungu lija azakhali anatchena chitenje chawo chosokedwa bwino, duku lalikulu kumutu. Ana tinawasiya kwa mayi wina wa kutchalitchi. Malo odyerawo anali aakulu ngati holo ya ukwati, odzaza mabanja, agogo, makanda, aliyense akulankhula mokweza. Matebulo anali ozungulira, pakati pali galasi lotembenuka loikapo zakudya. Azimayi antchito ankadutsa ndi tingolo todzaza timadengu ta nsungwi totuluka nthunzi, ndipo ofuna ankangoimitsa kangolo n'kuloza.

Mayi ake a mnzanga anali kamayi kafupi, ka imvi mbuu, kosadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Anatilandira ataimirira, anagwira dzanja la azakhali ndi manja awiri, n'kuwakhazika pampando woyang'ana kukhomo, umene mnzanga anati ndi wa mlendo wolemekezeka. Anawathirira tiyi okha, tiyi wopanda shuga, wopanda mkaka, m'kakapu kochepa ngati kachibekete ka mankhwala. Bambo ake anali pambali, akungomwetulira.

Zakudya zinayamba kubwera. Timipira ta ufa toonekera mkati, tokhala ndi tinkhanu ta m'nyanja. Mabanzi oyera ofewa, mkati muli nyama yotsekemera. Mpunga womata wokulungidwa m'tsamba. Ndiwo zamasamba zonga mpiru koma za mapesi onenepa. Zina zinali zoterera, zina zonunkhira mwachilendo, koma ndinalimba mtima, chilichonse ndinalawa. Vuto langa linali timitengo todyera tija. Ndikati ndigwire kampira, kankapulumuka n'kugudubuzika patebulo, bambo aja n'kumaseka mpaka kutsokomola. Nditacheuka ndinaona azakhali akutola ndiwo ndi timitengo tomweto mosavuta, ngati anabadwa nato. Ndinadabwa pang'ono, koma maganizo anga onse anali pa chitseko chija.

Zonse zinkayenda bwino. Amayi aja ankafunsa, mnzanga akumasulira: bambo anga ali moyo? Ndine wachingati kubadwa? Ndimadzuka nthawi yanji? Azakhali ankayankha mwaulemu. Kenako amayiwo anaona kangolo kena kakudutsa patali, anaimirira n'kukodola ndi dzanja mwamphamvu. Wantchito anaika kadengu patebulo n'kuvundukula.

Zipalapasiro. Mapazi a nkhuku enieni, zala zili tambasu, ofiira ndi msuzi, otupa, akunyezimira.

Ndisaname, nanenso mtima unadumpha. Kwathu mlendo akabwera timamuphera nkhuku, n'kumupatsa yonse m'mbale yovundikira, nthutumba ili momwemo. Nthutumba ikasowa ndi mlandu. Koma mutu, matumbo ndi zipalapasiro n'za ana. Ife tili ang'ono tinkazinga matumbo pa chipalapasiro n'kuwotcha kuseri kwa khitchini. Kuika chipalapasiro pamaso pa mlendo, wamkulu, wovala duku, n'kumuuza kuti iwe pano si kanthu. Zimenezo ndinkazidziwa. Koma ndinalinso ndi maso. Ndinaona mmene nkhope ya amayi aja inawalira. Anasankha chachikulu kuposa zonse, anazungulira tebulo ndi miyendo yawo yokalambayo, n'kuchiika pa mbale ya azakhali, atawerama pang'ono.

Azakhali anaika timitengo pansi. Anandiyang'ana n'kulankhula m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Iwe. Wandibweretsa kuno kuti ndidzanyozedwe?"

"Ayi azakhali, kwawo mwina ndi ulemu."

"Ulemu? Ine ndine mwana? Ndine galu?"

Mnzanga anaona kuti zinthu zasintha. Anayamba kufotokoza m'Chingerezi chake chodukaduka, kuti chakudya chimenechi kwawo n'chapamwamba, chimaphikidwa nthawi yaitali, mayi ake amachikonda kuposa china chilichonse, ndipo apereka choyamba kwa mlendo chifukwa ndiye wamkulu. Analankhula mpaka thukuta pamphuno. Munthu aliyense wamtima akanamva.

Azakhali anayankha m'Chingerezi chomveka bwino, mokweza, kuti a patebulo loyandikana amve. "Kwathu izi timapatsa ana ndi agalu. Ngati umu ndi mmene mumalandirira alendo, mwana wathu mudzamudyetsa chiyani?" Anakankha mbale. Chipalapasiro chija chinagwera pa nsalu yoyera ya patebulo n'kusiya banga lofiira.

Mnzanga sanamasulire. Panalibe chifukwa. Amayi aja anali akadali chiimire pambali pa mpando wa azakhali, timitengo tili m'manja. Anayang'ana banga lija, anayang'ana mwana wawo, ndipo kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Bambo aja anasiya kutafuna.

Ine manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Ndinatambasula dzanja, ndinatola chipalapasirocho pa nsalupo n'kuchiika m'kamwa. Chinali chofewa, khungu likungosungunuka, chotsekemera pang'ono, cha tsabola pang'ono, timafupa tikutuluka tokha. Chinali chokoma, ndipo kukomako kunandiwonjezera ukali. Ndinauza amayi aja kuti zikomo m'chinenero chawo, liwu lokhalo limene mnzanga anandiphunzitsa.

"Tiye," anatero azakhali atanyamula kale chikwama.

"Azakhali, chonde, tingomaliza kudya."

"Ndati tiye. Kapena ndiwaimbire bambo ako pompano, uwauze wekha kuti wasankha anthu achilendo kusiya mlongo wawo?"

Kwa eni kulibe mkuwe. Dziko la eni, galimoto ya eni, denga la eni. Ndinaimirira n'kuwatsatira, msuzi uli kumilomo.

M'galimoto anandilalikira kuchokera ku Markham mpaka ku Scarborough. Akuti ndataya chikhalidwe. Akuti ndatola chakudya chogwa pamaso pa anthu ngati wamasikini. Tisanakwere n'komwe m'nyumba anali atatumiza kale uthenga kumudzi, ndipo bambo anandiimbira. "Ndamva kuti anthuwo anapatsa azakhali ako zipalapasiro. Zoona?" Ndinati zoona, koma ndiloleni ndifotokoze. "Palibe chofotokoza. Anthu onyoza mlongo wanga sangasunge mwana wanga." Bambo sindikuwada. Iwo ku Markham sanafikeko, amangodziwa nkhuku ya kwathu.

Lolemba m'kalasi mnzanga anakhala pamalo pake pomwe paja, koma ankalephera kundiyang'ana. Pa nthawi yopuma anandiuza kuti mayi ake sanadye tsiku lonse lija. Akuti akupepesa kwambiri, sankadziwa kuti achititsa manyazi mlendo. Tamvani, iwo ndi amene ankapepesa! Ndinafunsa za chipinda. Mnzanga anagwedeza mutu. "Akuti wamkulu wa kwanu wakana. Sangakutenge mozemba, zingakhale ngati akuba mwana wa eni." Mwambo womwe uja ndinausangalalira ndi umene unanditsekera chitseko. Pasanapite nthawi chipindacho analowamo mtsikana wina wa ku yunivesite.

Ndinabwerera pa sofa. Ndinkawakwiyira azakhali, inde, koma mumtima ndinkawakhululukirako. Ndinkati ndi munthu wakale, mwambo unawalowa m'magazi, anapwetekedwa zenizeni. Ndinkadziuza kuti munthu sungamuimbe mlandu chifukwa cholemekeza kwawo.

Ndiye tsiku lina chipale chofewa chinagwa kwambiri. Ndinavutika ndi basi ndi sitima mpaka ku North York, kungopeza kuti kalasi aimitsa. Ndinabwerera masana, nthawi imene palibe amene ankandiyembekezera. Ndikutsegula chitseko ndinamva kuseka kukhitchini, komanso fungo lina limene mphuno yanga inalizindikira mutu usanazindikire.

Azakhali anali patebulo ndi mnzawo wa ku Zambia amene ankagwira naye ntchito. Pakati pawo panali mabokosi awiri oyera a chakudya chogula. M'mbale munali mulu wa timafupa. Azakhali anga, omwe aja a duku, anali ndi chipalapasiro m'kamwa, zala zitatulukira kunja, timitengo tili m'manja, akuyamwa mwaluso la munthu amene wadya zimenezi zaka ndi zaka.

"Bwela udye, mwana," anatero mayi wa ku Zambia uja, wosadziwa kanthu. "Aba anti bako ndiye banationetsa ivi. Bamaziba na malo yabwino ku Markham."

Ndinaima pakhomo, chipale chikusungunuka pa nsapato. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakwezepo mawu kwa azakhali, koma tsiku limenelo anatuluka okha.

"Azakhali, ndinu mwana?"

"Iwe, samala pakamwa."

"Ndikungofunsa. Paja munati izi n'za ana ndi agalu. Ndiye ndikufuna ndidziwe kuti pa ziwirizi inu ndi chiti."

Mayi wa ku Zambia anadzuka mwakachetechete n'kupita kubafa. Azakhali analavula timafupa m'dzanja, anapukuta pakamwa, osafulumira. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena anena kuti angoyamba kumene kulawa. Ayi. Anandiyang'ana m'maso.

"Nanga ana ndikanawasiyira ndani?"

Basi. Yankho lonse linali limenelo. Ankadziwa zonse. Kuntchito kwawo ankasamalira agogo a ku China ambirimbiri, ankadziwa bwino tanthauzo la mayi wokalamba kuzungulira tebulo kuti akuikire chakudya pa mbale. Anapita ku Markham atakonzeka kale kukhumudwa, ankangodikira chokhumudwira. Zikanapanda zipalapasiro, akanakwiyira tiyi wopanda shuga. Anatenga mwambo wa kwathu, umene bambo anga amaulemekeza ndi mtima wonse, n'kuusandutsa chingwe chondimangira pa sofa.

"Mukanangondiuza," ndinatero. "Mukanati mwana wanga, ndathedwa nzeru, anawa andikulira, khala kaye. Mwina ndikanakhala. Koma munasankha kuchititsa manyazi mayi wokalamba amene sanakulakwireni chilichonse."

"Ukadzabereka kuno udzamvetsa," anatero. "Kuno kulibe agogo, kulibe wantchito, kulibe mnansi. Ukuganiza kuti ine ndimagona?"

Zoti sankagona ndi zoona, ndinkaziona ndi maso anga. Anthu ndikawafotokozera nkhaniyi amakonda kuima pamenepa, amati uwamvetse, moyo wa kuno ndi wovuta. Ndikuwamvetsa. Kumvetsa ndi kwina, kukhululuka ndi kwina. Ndinawaimbira bambo kuwauza zimene ndinaona. Anangoti, "Ndi akuluakulu, usakangane nawo." Mayeso aja ndinalemba ndikugonabe pa sofa, ndipo ndinafeilanso.

Ndinadzachoka ndekha patapita miyezi, osapempha chilolezo kwa aliyense. Ndinapeza kachipinda kogawana ndi mtsikana wina ku North York, kozizira, koma ka chitseko. Ulendo wachitatu ndinakhoza. Chaka chathunthu chinapita pachabe chifukwa cha phazi la nkhuku.

Mnzanga ndinamuuza zonse, ndipo ndinamupempha kuti akawauze mayi ake kuti sanalakwe chilichonse. Anakawauza. Koma amayiwo sanakhulupirire. Akuti munthu wamkulu sangachite zotero kwa mwana wa mlongo wake, ine ndikungopeka kuti ndiwatonthoze mtima.

Nditakhoza, amayi aja anandiitana kumalo odyera omwe aja kuti tikasangalale. Anandikhazika pampando woyang'ana kukhomo, anandithirira tiyi. Timitengo ndinali nditatizolowera, ndipo bambo aja anadandaula kuti ndawalanda choseketsa. Tikudya, ndinaona kangolo kaja kakubwera. Wantchito anaima pafupi nafe, dzanja lili pa chivundikiro. Amayi aja anandiyang'ana mwamantha, n'kumukupiza ndi manja onse awiri kuti apite, apite msanga.

Ndinaimirira ndekha n'kumuitana wantchitoyo kuti abwerere. Ndinatenga timadengu tiwiri. Ndinasankha chipalapasiro chachikulu, ndinazungulira tebulo n'kuchiika pa mbale yawo, nditawerama monga anachitira iwo. Anandigwira dzanja, anagwedeza mutu, anamwetulira. Ine ndinadya mpaka timafupa tinadzaza mbale, ndikuwaonetsa kuti taonani, n'zokoma.

Iwo sanachikhudze. Chakudya chimene ankachikonda kuposa china chilichonse chinazizira pa mbale yawo mpaka tinanyamuka. Mnzanga anandiuza m'galimoto kuti chichokereni Lamlungu lija, mayi ake sadyanso zipalapasiro pagulu.

Azakhali anga amadyabe.